Dzina la Blantyre m'kati mwa kachilombo

Holide yapitayi ndinkafuna setifiketi yanga ya Sitandade 8 m'sutikesi ya amayi, ija amasungamo chilichonse kuyambira makadi a ukwati mpaka malisiti a feteleza. Setifiketiyo sindinaipeze tsiku limenelo. Chimene ndinapeza ndi kabuku ka kuchipatala ka mng'ono wanga, kothothoka m'mbali, kokulungidwa m'jumbo. Pamasamba awiri otsatizana panalembedwa mankhwala a malungo, kawiri, masiku ake otalikirana sabata imodzi yokha. Patsamba lachitatu, lolembedwa ndi dzanja lina kuchipatala chachikulu cha m'tauni, panali liwu limodzi limene ndinatha kuliwerenga bwinobwino pakati pa zolembalemba za madokotala: Salmonella.

Matendawo ndimawakumbukira patalipatali. Ndinali Sitandade 2, iyeyo anali asanakwanitse zaka ziwiri. Ndimakumbukira amayi akumufunditsa nsalu yonyowa usiku, ndi agogo akubwera kudzatiphikira masiku amene amayi anali gadiyani kuwodi. Anachira, ndipo lero ndi mnyamata wamtali kuposa ine. Kunyumba nkhaniyi timangoti "malungo aakulu aja", basi.

Tsambalo ndinalijambula pafoni n'kutumizira mnzanga amene akuphunzira za labotale. Anayankha mwachidule: "Aise, ameneyo ndi Salmonella wa m'magazi. Kasake BTP1 pa intaneti, uone kuti B-yo akuimira chiyani."

B akuimira Blantyre. BTP1 ndi chidule cha Blantyre Prophage 1, dzina la vairasi amene amakhala chobisala m'kati mwa DNA ya bakiteriya wina amene wapha anthu ambirimbiri mu Africa muno. Ine ndimaphunzira mbiri yakale, sayansi ndinatsanzikana nayo ku Fomu 4. Komabe funso limene linandigwira ndi la ife a mbiri: zinatheka bwanji kuti dzina la mzinda wa kwathu lilembedwe pa kanthu kamene diso silingakaone, ndipo anakawerenga ndani? Nkhani yake yatenga zaka pafupifupi 100, ndipo ikuyambira kutali ndi kwathu.

Wodya mabakiteriya

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri, pakuti m'Chichewa zonse timangoti "kachilombo". Bakiteriya ndi chamoyo cha selo imodzi: amadya, amakula, amagawikana pawiri. Kolera, TB ndi taifodi zimayamba ndi mabakiteriya. Vairasi ndi wochepetsetsa kuposa pamenepo. Iye ndi kaphukusi chabe ka malangizo achibadwa, ndipo sangaswane mpaka atalowa m'selo ya chamoyo china n'kuigwiritsa ntchito. Ife timadziwa mavairasi olowa mwa anthu, monga HIV ndi wa chikuku. Koma mabakiteriya nawonso ali ndi mavairasi awo owadwalitsa.

Woyamba kulemba za zimenezi anali Frederick Twort, dokotala wa ku London, mu Disembala 1915, chaka chimene kwathu kuno chinayamba ndi kuukira kwa John Chilembwe. Twort anaona kuti timagulu ta mabakiteriya timene ankaweta m'mbale za m'labotale tikusungunuka n'kumaoneka ngati galasi, ndipo chosungunulacho chinkadutsa m'sefa zimene bakiteriya sangadutse. Nkhondo inali m'kati, choncho ntchitoyo sanapite nayo patali. Mu 1917 Félix d'Hérelle, wa ku Institut Pasteur mumzinda wa Paris, anapeza chinthu chofananacho m'chimbudzi cha odwala kamwazi amene anali kuchira. Iye ndiye anachipatsa dzina loti bacteriophage, kutanthauza "wodya mabakiteriya". Masiku ano amangoti phage.

Kwa d'Hérelle, phage anali mlenje basi: amalowa mwa bakiteriya, amaswana, bakiteriyayo n'kuphulika. Ankayembekezera kuti ameneyu ndiye adzakhale mankhwala a kamwazi ndi kolera, ndipo anakayesa zimenezi mpaka ku India. Koma m'zaka za m'ma 1920 ofufuza ena, kuphatikizapo Jules Bordet wa ku Brussels, anaona zachilendo. Panali mabakiteriya ena athanzi ndithu, oswana bwinobwino, amene ankangotulutsa ma phage mbadwo ndi mbadwo, ngakhale uwatsuke chotani. D'Hérelle anati n'kusasamala kwa ofufuzawo, mbale zawo n'zimene zinali zoipitsidwa. Mkanganowo unatha zaka zoposa 20.

Banja lina la ofufuza ku Institut Pasteur komweko, Eugène ndi Élisabeth Wollman, linaumirira kuti phage angathe kukhala mwa bakiteriya mosaoneka, n'kumapatsiridwa kwa ana ake ngati chibadwa. Sanakhale ndi moyo mpaka tsiku loti aone kuti ankanena zoona. Anali Ayuda. Mu Disembala 1943 anamangidwa ku Paris n'kutumizidwa ku Auschwitz, ndipo sanabwereko. Mabuku a sayansi a kusekondale ankangotipatsa chaka ndi dzina la wotulukira. Anthu awiriwa amandikumbutsa kuti nayonso sayansi imachedwa kapena kufulumira malinga ndi zimene andale ndi asilikali akuchita kunja kwa labotale.

Mnzawo André Lwoff ndiye anathetsa mkanganowo mu 1950. Anatenga bakiteriya mmodzi yekha wa mtundu wa Bacillus megaterium, amene ndi wamkulupo, n'kumuika m'kadontho ka madzi pansi pa maikulosikopu. Akagawikana, Lwoff ankachotsa mmodzi ndi kachubu kagalasi kopyapyala kwambiri n'kusiya mnzakeyo. Anachita zimenezi maulendo 19. M'kadonthomo simunapezeke phage ndi mmodzi yemwe, koma zidzukulu za bakiteriya uja zinali zikadali ndi mphamvu yotulutsa ma phage. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako iye ndi anzake anawalitsira mabakiteriya otere kuwala kwa ultraviolet, ndipo posakhalitsa pafupifupi onse anaphulika, ma phage n'kukhuthuka. Vairasi anali momwemo nthawi yonseyi, ali m'tulo. Wogonayo Lwoff anamutcha prophage, ndipo mu 1965 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi François Jacob ndi Jacques Monod. Mmene mlendoyu amagonera anafotokoza ndi Allan Campbell mu 1962: DNA ya phage imadzisokerera m'kati mwa DNA ya bakiteriya ngati chigamba pa nsalu, kotero kuti bakiteriya akamakopera malangizo ake kuti apatse ana, amakoperanso a mlendoyo.

Kalumo ka mlendo

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mwambiwu timaunena poyamikira mlendo, koma kalumo kamameta, kamachekanso. Mu 1951 Victor Freeman, wa ku University of Washington mumzinda wa Seattle, ankafufuza bakiteriya woyambitsa diphtheria, matenda amene amamera kachikopa kukhosi kwa mwana mpaka kulephera kupuma. Ndi amodzi mwa matenda amene katemera wa kusikelo amatiteteza nawo. Freeman anatenga mabakiteriya a mtunduwu amene sankapanga poizoni n'kuwalowetsa phage wina. Amene anapulumuka, phage uja ali m'kati mwawo, anayamba kupanga poizoni wakupha. Pambuyo pake zinatsimikizika kuti kachigawo ka DNA kopangitsa poizoniyo, kamene asayansi amati jini, ndi ka phage, osati ka bakiteriya. Majini ake si aja a kwa sing'anga ayi, ngakhale kuti nawonso amalowa mwa wina n'kumusintha khalidwe.

Kwa zaka zambiri zinthu zotere ankazipeza chimodzichimodzi, mongoganizira kuchokera ku zimene mabakiteriya akuchita m'mbale. Kuti munthu aone mlendo aliyense amene wagona m'nyumbamo, panafunika kuwerenga DNA yeniyeniyo. DNA imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, ndipo mndandanda wonse wa zilembo za chamoyo chimodzi umatchedwa genome. Mu 1977 Frederick Sanger ndi anzake ku Cambridge anawerenga genome ya DNA yathunthu koyamba m'mbiri ya anthu. Sinali ya munthu kapena ya mbewu, inali ya phage wotchedwa phiX174, wa zilembo pafupifupi 5,400. Mu 1982 anawerenga ya phage lambda, amene Esther Lederberg anamupeza atabisala mwa E. coli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950. Imeneyo inali ndi zilembo 48,502. Genome yathunthu ya bakiteriya inadikira mpaka 1995, pamene gulu la Craig Venter ndi Hamilton Smith ku Maryland linaduladula DNA ya Haemophilus influenzae, n'kuwerenga tizidutswato, kompyuta n'kutilumikiza mpaka zilembo 1.8 miliyoni zinakwanira.

Chaka chotsatira, mu 1996, kunamveka nkhani imene ikutikhudza ife mwachindunji. Matthew Waldor ndi John Mekalanos a ku Harvard anaonetsa kuti majini a poizoni wa kolera, amene amachititsa kuti matumbo azikhuthula madzi mpaka munthu kuuma, amabwera ndi phage wooneka ngati ulusi wotchedwa CTX. Bakiteriya wa Vibrio cholerae amakhala m'madzi, ndipo ambiri a mtundu wake sayambitsa mliri. Amene amayambitsa ndi amene analandira mlendo ameneyu. Chaka chomwecho ana asukulu zikwizikwi mumzinda wa Sakai ku Japan anadwala ndi E. coli wa mtundu wa O157:H7. Asayansi a ku Japan atatulutsa genome yake mu 2001, anapezamo ma prophage 18, awiri mwa iwo atanyamula majini a poizoni wa Shiga, amene amatsegula m'mimba mwa magazi ndi kuwononga impso. E. coli wamba tonsefe tili naye m'matumbo ndipo sativuta. Gawo lalikulu la kusiyana kwa iyeyo ndi wakuphayu ndi alendo amene wakuphayu anawasunga.

Apa m'pamene ine wa mbiri ndinayamba kumva kuti nkhaniyi ndi yathunso. Genome ya bakiteriya ili ngati kaundula wa kwa a mfumu, wolembedwamo aliyense amene anabwera kudzapempha malo: ena akadali ndi moyo, ena anatsala mayina okha ofufutika.

Magazi a ku Blantyre

Tibwerere kwathu. Mu 1995 ku Blantyre kunayamba ntchito yofufuza ya Malawi-Liverpool-Wellcome, yogwirizana ndi College of Medicine, imene lero ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Kuyambira mu 1998, odwala ofika pachipatala cha Queen Elizabeth Central atatentha thupi kwambiri ankatengedwa magazi n'kuikidwa m'mabotolo apadera kuti ngati muli bakiteriya amere. Ndi ntchito yosaoneka, ya manesi ndi a m'labotale, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. Mabakiteriya amene ankamera ankapatsidwa nambala n'kusungidwa m'mafiriji ozizira kwambiri.

Zimene zinatuluka m'mabotolowo sizinagwirizane ndi mabuku. Mabuku a zachipatala, amene ambiri analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ankati Salmonella Typhimurium ndi bakiteriya wa chakudya choipa: munthu amatsegula m'mimba masiku angapo n'kuchira yekha. Ku Blantyre bakiteriya wa dzina lomwelo ankapezeka m'magazi, nthawi zambiri wodwalayo asakutsegula m'mimba n'komwe, akungotentha thupi ngati wa malungo kapena wa chibayo. Pakati pa 1998 ndi 2004 anapeza odwala pafupifupi 5,000 a Salmonella wosakhala wa taifodi m'magazi, akuluakulu ndi ana omwe, ndipo ambiri mwa iwo anali ndi Typhimurium. Akuluakulu ambiri anali ndi HIV. Ana ambiri anali ndi malungo, kuchepa magazi, kunyentchera kapena HIV. Mwa odwala asanu alionse, mmodzi kapena kuposerapo ankamwalira. Cha m'ma 2001 ndi 2002 zinthu zinaipiraipira, chifukwa bakiteriyayu anasiya kumva mankhwala atatu otchipa amene zipatala zinkadalira: ampicillin, bactrim ndi chloramphenicol.

Yankho lapafupi linali loti bakiteriya ndi yemweyo wa ku Ulaya, kungoti matupi a odwala kuno ndi ofooka. Kuti adziwe ngati yankholo linali lokwanira, anatenga bakiteriya mmodzi wa m'firiji, amene anachokera m'magazi a mwana wa zaka pafupifupi ziwiri ku Blantyre mu 2004, nambala yake D23580. Genome yake, ya zilembo pafupifupi 4.9 miliyoni, inakawerengedwa ku Sanger Institute, pafupi ndi Cambridge, malo otchedwa ndi dzina la Sanger yemwe uja. Zotsatira zake zinatuluka mu 2009 m'magazini ya Genome Research. Wotsogolera anali Robert Kingsley, ndipo pa olemba panali Chisomo Msefula wa ku Malawi, Samuel Kariuki wa ku Kenya ndi Melita Gordon amene ankaona odwalawo ku Blantyre.

Anapeza kuti uyu sanali Typhimurium wa m'mabuku. Anali wa fuko lina, lotchedwa ST313. Majini ake ena anali atawonongeka, ngati mmene zilili ndi bakiteriya wa taifodi amene anazolowera kukhala m'thupi la munthu. Majini okana mankhwala anali ataunjikana pa kamkombero kapadera ka DNA kotchedwa plasmid. Ndipo m'kati mwa genome munali mutagona ma prophage asanu. Atatu anali odziwika kale kwa ofufuza Salmonella. Awiri anali achilendo kwa aliyense, ndipo ndi amene mpaka lero amatchedwa BTP1 ndi BTP5, ma prophage a ku Blantyre.

Mu 2012 kafukufuku wina, wotsogoleredwa ndi Chinyere Okoro, anayerekeza ma genome a mabakiteriya oterewa ochokera m'mayiko angapo a mu Africa. Njira yake ife a mbiri timaidziwa. Ukakhala ndi makope angapo a chikalata chokoperedwa pamanja, umayang'ana zolakwika zimene makopewo akufanana, n'kudziwa kuti ili linakoperedwa kuchokera ku liti. DNA nayonso imalakwika pang'onopang'ono pokoperedwa, ndipo zolakwikazo zimapita kwa ana. Powerengera zimenezi anapeza kuti ST313 ali ndi nthambi ziwiri, ina inayamba cha m'ma 1960, ina cha m'ma 1977, ndipo zinafalikira m'zaka zomwezo zimene HIV inkafalikira. Nthambi yachiwiri, yosamva chloramphenicol, ndiyo inalanda malo a yoyamba panthawi imene zipatala zinkadalira mankhwalawo. Mliri umene agogo athu ndi makolo athu anaupirira m'ma 1980 ndi 1990, pamodzi ndi mankhwala amene dziko linkakwanitsa kugula, zonse zinasiya mapazi mwa bakiteriya.

Nanga BTP1 amatani m'menemo? Siân Owen ndi anzake m'labotale ya Jay Hinton ku University of Liverpool anaonetsa mu 2017 kuti ena mwa ma prophage asanuwo anazilala, sangadzukenso, koma BTP1 ndi wogalamuka kwambiri. Popanda womudzutsa, amadzuka mwa mabakiteriya ochepa pagulu lililonse n'kuwaphulitsa, kotero kuti kadontho ka madzi amene D23580 akukuliramo kamadzaza ndi ma phage mamiliyoni. Mu 2021 anapezanso kuti BTP1 ali ndi jini lotchedwa bstA limene limalondera nyumba. Phage wachilendo akalowa, jinilo limachititsa kuti bakiteriya wolowedwayo afe mlendo watsopanoyo asanaswane, abale ake n'kupulumuka. BTP1 mwiniwake ali ndi kachigawo ka DNA komuteteza ku msampha wakewo. Ali ngati wa lendi amene amagona ndi chibonga pakhomo, osati chifukwa chokonda mwininyumba, koma chifukwa mphasa yake ili momwemo.

Chaka cha 2017 chomwecho, a zaumoyo ku England, amene anali atayamba kuwerenga genome ya Salmonella aliyense wotumizidwa ku labotale yawo yaikulu, anapeza kuti ST313 aliko kwawonso. Koma ambiri a kumeneko ankangotsegula m'mimba, ankamva mankhwala, ndipo analibe BTP1 ndi BTP5. Ma prophage awiriwa anakhala ngati mphini za kumaso, zosonyeza kuti bakiteriya uyu ndi wa nthambi za ku Africa.

Pano ndiyenera kusamala, chifukwa nkhani yokoma imanyenga. Pa diphtheria ndi kolera, phage ndiye mwini poizoni. Pa Salmonella wa ku Blantyre sizili choncho. BTP1 amathandiza bakiteriya kudziteteza kwa ma phage ena ndiponso amasintha chikopa chake chakunja, koma si iye wakupha ana. Zimene zimapha n'zophatikiza: kusamva mankhwala, kusintha kwina kwa majini a bakiteriya mwiniwake, ndiponso, koposa zonse, thupi lofooka ndi malungo, njala kapena HIV. Amene ankanena za matupi ofooka sankanama, ankangoona theka la nkhani. Genome inabweretsa theka linalo, koma sinafufute umphawi pa mndandanda wa zoyambitsa. Kafukufuku wa Global Burden of Disease anawerengera kuti mu 2017 matenda a Salmonella wotereyu wa m'magazi anapha anthu pafupifupi 77,500 padziko lonse, ambiri mwa iwo a kumwera kwa chipululu cha Sahara.

Nkhokwe ya ndani?

Ambirife za Salmonella wa m'magazi sitinamvepo, koma kolera tonse tikuikumbukira. Mliri umene unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unagwira anthu pafupifupi 59,000 n'kupha oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Ambiri mwa odwala kolera amenewo anadwala ndi poizoni wa CTX, mlendo uja wa Waldor ndi Mekalanos. Kafukufuku wa François-Xavier Weill ndi anzake mu 2017, woyerekeza ma genome oposa 1,000, anali ataonetsa kale kuti kuyambira 1970 kolera wa mliri walowa mu Africa maulendo osachepera 11 kuchokera kunja, gwero lake lili ku Asia. Mu 2024 gulu lotsogoleredwa ndi Mmalawi, Chrispin Chaguza, linatulutsa ma genome a kolera wa mliri wathuwu, ndipo nawonso analoza ku nthambi yochokera ku Asia. Zimenezi sizichotsa mlandu wa zitsime zosatetezedwa ndi zimbudzi zosakwanira. Zimangotiuza kuti moto unagwa pa udzu wouma, ndipo zimatiuza kumene mbaliwali inachokera.

Tsopano ndinene maganizo anga, pakuti bulogu ino ndi ya maganizo. Ife a mbiri tikafuna kulemba za nthawi ya atsamunda timapita ku National Archives ku Zomba, koma timadziwa kuti mafayilo ena ofunika ali ku Kew, ku London, ndipo wokawawerenga ayenera kukhala ndi tikiti ya ndege ndi visa. Kwa zaka zambiri amene ankalemba mbiri ya Nyasaland anali amene ankatha kufika ku mafayilowo. Mafiriji a mabakiteriya ndi nkhokwe ya mtundu womwewo. Muli mbiri ya matenda athu, chaka ndi chaka, yolembedwa ndi magazi a odwala amene mayina awo, moyenerera, sitidzawadziwa. D23580 lero amawetedwa m'malabotale a m'mayiko ambiri, ndipo anthu ochuluka apeza naye madigiri.

Sindikunena zimenezi modandaula kuti tinaberedwa. Pakanapanda ndalama ndi makina a anzathu akunja, magaziwo sakanayezedwa, ndipo ana ambiri akanapita akutchedwa a malungo. Amalawi analipo pa ntchitoyi kuyambira pachiyambi, ndipo genome ya D23580 ili pa intaneti, aliyense angaitenge kwaulere, zimene sizili choncho ndi mafayilo ambiri a ku Kew. Mu 2020 bungwe la Africa CDC linakhazikitsa ntchito yothandiza mayiko a mu Africa kuwerenga okha ma genome a tizilombo, ndipo makinawo atsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi nthawi ya Sanger. Komabe nkhokwe imene imadalira thumba la mlendo imadaliranso mafunso a mlendo. Mbiri ya ST313 tikuidziwa bwino chifukwa chipatala chimodzi cha mumzinda umodzi chinali ndi mabotolo kwa zaka zoposa 20. Prophage uja anatchedwa wa ku Blantyre osati chifukwa anabadwira ku Blantyre, koma chifukwa kumeneko n'kumene kunali womuona. Mwana amene watentha thupi kumudzi, kutali ndi labotale yotha kumeretsa bakiteriya, salowa m'kaundulamo. Ndiye tikamakambirana bajeti ya zaumoyo, mabotolo a magazi, magetsi a mafiriji ndi malipiro a ogwira ntchito m'labotale tisamazione ngati zapamwamba zodikira chaka chabwino. Popanda zimenezi dokotala amangolota, ndipo mankhwala amaperekedwa mwa mwayi.

Ife a maphunziro a za anthu tilinso ndi gawo lathu. Anamwino ndi a m'labotale amene anayamba ntchitoyi mu 1998 ena akupuma pantchito, ndipo zimene anaona m'mawodi m'zaka zimenezo sizili mu genome iliyonse. Wina ayenera kukhala nawo pansi ndi chojambulira mawu. Wina ayeneranso kupeza mawu a Chichewa oti mayi wa kuwodi amve chifukwa chake mwana wake wasinthidwa mankhwala. Polemba nkhaniyi ndavutika kangapo kupeza mawu otere, ndipo mwaona nokha mmene "phage" ndi "genome" zakanira kusanduka zathu. Chidziwitso chimene chinachokera m'magazi a ana athu chikuyenera kubwerera kwa makolo awo m'chilankhulo chimene amalankhula.

Ndisanabwerere kusukulu ndinayesa kuwafotokozera amayi zonsezi, tili pakhonde tikutongola chimanga. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa: "Ndiye ukuti sanali malungo?"

Ndinati, "Malungowo ayenera kuti ndi amene anatsegula chitseko, amayi. Koma m'magazi munalowanso china, n'chifukwa chake mankhwala oyamba aja sanathandize."

Anakhala chete pang'ono. "Aja anamutenga magazi m'kabotolo aja," anatero. "Ndinkadandaula kuti mwana ali kale ndi magazi ochepa, akumutenganso. Nesi anandiuza kuti ndidekhe masiku awiri."

Kenako anatambasula dzanja kuti ndiwabwezere kabuku kaja. Anakakulunganso m'jumbo mwake n'kukakaika m'sutikesi, pansi pa makadi a ukwati.